Za Khonsolo ya ku Montgomery ndi Minda Yake

Munthu wotuluka mu mzinda wa Washington, likulu la dziko la Amereka, nalunjika kumpoto cakumadzulo, amayenda nthaŵi yaitali pakati pa nyumba zokhazokha. Kuli nyumba zosanja, masitolo aakulu, maofesi, ndi miseu yodzaza magalimoto usana ndi usiku. Koma atayenda mamailosi 20 kapena 30, zinthu zimasintha mwadzidzidzi. Nyumba zija zimatha, ndipo kutsogolo kumaoneka minda ya cimanga, ng'ombe, akavalo ndi nkhalango. Mlendo angayese kuti pali dambo kapena thanthwe loletsa kumanga, koma palibe; nthaka ya kuminda ndi yomweyo ya kunyumba. Cimene cinaimitsa nyumbazo ndico cigamulo ca anthu oŵerengeka amene anakhala pansi m'tauni ya Rockville m'caka ca 1980.

Dziko la Amereka linagaŵidwa m'zigaŵo zazikulu 50, ndipo pafupi zonse za izo zinagaŵidwanso m'maboma aang'ono amene eni ake amawacha makaunti. Makaunti onse pamodzi apitirira 3,000. Imodzi mwa makaunti ameneŵa ndiyo Montgomery, m'cigaŵo ca Maryland. Inacita malire ndi Washington, kumadzulo kwake kumayenda mtsinje wa Potomac, ndipo likulu lake ndi Rockville. Inakhazikitsidwa m'caka ca 1776, nipatsidwa dzina la Richard Montgomery, kazembe wa nkhondo amene anafera ku Quebec m'caka ca 1775.

Dzina la Pulezidenti wa Amereka limamveka kutali, koma Pulezidenti sadziŵa ngati mseu wa pakhomo pa munthu wakumbika, kapena ngati denga la sukulu liri kudontha. Zinthu zotere, pamodzi ndi apolisi, ozima moto, mabasi, nyumba zobwerekako mabuku ndi kucotsa zinyalala, ziri m'manja mwa boma la kaunti. Ku Montgomery boma limeneli liri ndi mbali ziŵiri. Pali Mkulu wa Kaunti, amene amayang'anira nchito za tsiku ndi tsiku; woyamba kusankhidwa pa udindo umenewu anali James Gleason m'caka ca 1970. Palinso Khonsolo, ndiyo imene imapanga malamulo ndi kuvomereza za ndalama. Kuyambira 2022 aphungu a Khonsolo alipo 11. Mwa iwo 7 amasankhidwa ndi madera ao, ndipo 4 amasankhidwa ndi anthu a m'kaunti yonse. Amakhala pa mpando zaka 4, ndipo zikatha anthu amasankhanso.

Misonkhano ya Khonsolo siikoma kuimvera. Muli mapepala ambiri, mapu ndi manambala, ndipo anthu oculuka a m'kauntimo sanapondemo ndi kamodzi komwe. Koma nambala imodzi yosinthidwa m'cipinda cimeneco ikhoza kulemeretsa munthu kapena kumsaukitsa.

Mzinda Udya Minda

M'caka ca 1940 m'kaunti ya Montgomery munali anthu 83,912, ndipo mbali yaikulu ya dzikolo inali minda ya tirigu ndi cimanga, ndi mabusa a ng'ombe za mkaka. Nkhondo yaikulu yaciŵiri itatha, nchito za boma ku Washington zinaculuka. Anthu anagula magalimoto, nayamba kukonda kugona kunja kwa mzinda ndi kumapita ku nchito m'maŵa. Pofika 1960 anthu anakwana 340,928, ndipo pofika 1970 anapitirira 500,000. Onseŵa anafuna pokhala, ndipo malo abwino kumangapo nyumba ndi omwewo abwino kulimapo, osalala ndi osasunga madzi.

Kutha kwa minda kunali kotere. Womanga nyumba amadza kwa mlimi ndi ndalama zimene mlimiyo sangazipeze angakhale atalima zaka zambiri, ndipo mlimi amagulitsa. Mnansi wake amene wakana kugulitsa amadzuka tsiku lina ali pakati pa alendo odandaula za fungo la manyowa ndi phokoso la thirakitala. Sitolo ya mbeu ndi zipangizo za ulimi imatsekedwa popeza ogula acepa. Potsiriza nayenso amatopa, nagulitsa. Motero munda umodzi ukapita umakoka unzake.

Mwana wa kumudzi ku Katete kapena ku Petauke amadziŵa kuti munthu samanga nyumba paliponse pamene wafuna. Amayamba wapita kwa mfumu, ndipo mfumu siingamlole kumanga pamanda kapena pa njira ya ng'ombe yopita kudambo. Ku Amereka nchito imeneyi imacitika ndi mapu. Kaunti yonse inajambulidwa, ndipo malo alionse ali ndi cizindikiro cake: pano nyumba zogona, apa masitolo, apo mafakitale, uko minda. Lamulo limanenanso kuculuka kwa nyumba zimene zingamangidwe pa malo akutiakuti, ndi kutalika kwake komwe. Kusiyana kwake nkwakuti kumeneko malo ambiri ali ndi mwini amene anagula ndi ndalama zake, kotero kuti poyamba eni malo ena anakana, nati boma liribe mau pa cinthu ca mwini. Mlandu wotere, wocokera ku Euclid m'cigaŵo ca Ohio, unafika ku bwalo lalikulu la milandu la dziko lonse, ndipo m'caka ca 1926 oŵeruza anagamula kuti boma la m'dera liri nayo mphamvu yogaŵa malo motero.

Ku Montgomery mphamvuyo anali nayo, koma kuigwiritsa nchito bwino kunatenga nthaŵi. M'caka ca 1964 anakonza pulani yakuti nyumba zizitsata miseu yaikulu yocokera ku Washington, monga zala za dzanja lotambasula, ndi kuti pakati pa zalazo pazikhala minda ndi nkhalango. M'zaka za m'ma 1970 Khonsolo inalamula kuti kumadera a minda nyumba imodzi izikhala pa maekala 5, poyesa kuti omanga adzagwa mphwayi. Malo otere ndi aakulu ndithu, pakuti bwalo lalikulu la mpira silikwana ndi maekala 2 omwe. Koma lamulolo linabala zimene aphungu sanayembekeze. Anthu olemera anakondwera nayo nyumba ya bwalo lalikulu cotere, ndipo nyumba iriyonse inayamba kudya maekala 5 athunthu. Malo otere ndi ocepa kwa mlimi wa thirakitala, ndipo sabala kanthu m'manja mwa munthu wongochecha kapinga.

Pamenepo Bungwe la Mapulani la kauntiyo, limene wapampando wake anali Royce Hanson, linadza ndi maganizo ena, ndipo Khonsolo inavomereza m'caka ca 1980. Anapatula maekala 93,000 kumpoto ndi kumadzulo, ndiwo pafupi limodzi la magaŵo atatu a kaunti yonse, nati dziko limeneli likhale la ulimi. M'lamulo anacotsa 5 naikapo 25, ndiko kuti nyumba imodzi yokha pa maekala 25.

Alimi ambiri anapsa mtima, ndipo mkwiyo wao unali womveka. Cuma ca ukalamba wa mlimi ndi munda wake, ndipo mundawo ndiwonso cikole cimene amaonetsa ku banki pokongola ndalama za mbeu ndi feteleza. Munda wa maekala 100, umene dzulo lake unali malo a nyumba 20, unasanduka malo a nyumba 4 zokha. Alimi anafunsa kuti ngati anthu a m'tauni afuna kumaona minda yobiriŵira poyenda pa Sabata, cifukwa ninji wolipira akhale mlimi yekha?

Khonsolo inalibe ndalama zogulira maekala 93,000. Tsono inacita cinthu cacilendo kucimva koyamba: inalekanitsa munda ndi ufulu womangapo nyumba, niusandutsa ufuluwo cinthu cogulitsa pacokha. Pa maekala 5 alionse mwini anapatsidwa cikalata cimodzi ca ufulu womanga. Mwini maekala 100 uja analandira zikalata 20. Akafuna, akhoza kusunga 4 kuti ana ake adzamange, nagulitsa 16 zotsalazo kwa womanga nyumba. Womangayo sangazigwiritse nchito kuminda kuja iai. Amapita nazo kumadera ena amene Khonsolo inasankha, kufupi ndi miseu, mipope ya madzi ndi masukulu, ndipo kumeneko amaloledwa kumanga nyumba zoposa zimene mapu akanamlola. Mlimi walandira ndalama, ndipo munda ukali wake. Akhoza kuulima, kuusiyira ana kapena kuugulitsa. Koma m'buku la malo mumalembedwa kuti ufulu umene wagulitsidwa sudzabweranso, angakhale mundawo upite m'manja mwa munthu wina. Mwa njira iyi maekala oposa 40,000 anatetezedwa, ndipo amene analipira ndi omanga nyumba pamodzi ndi ogula nyumbazo.

Si zonse zinayenda monga zinalembedwera. Anthu a kumadera olandira nyumba zoonjezera sanakondwe kuona miseu yao ndi masukulu ao zikudzaza, ndipo kaŵirikaŵiri anakana. Malo olandira akacepa, ogula zikalata amacepanso, mtengo wake nutsika. Comweco mlimi wina anagulitsa pa nthaŵi yabwino napata, mnzake nagulitsa pa nthaŵi yoipa nadandaula. Anthu olemera kwambiri nao sanaope maekala 25, ndipo ena anagula namanga nyumba zazikulu ndi makola a akavalo. Alimi a mkaka atsala ocepa kwambiri. Cinkana ziri conco, kaunti imene mu 2020 inali ndi anthu 1,062,061 inali nayobe minda mazanamazana ya cimanga, soya, tirigu, udzu wa ziŵeto, zipatso ndi maungu, pamene m'makaunti ena ozinga Washington minda yambiri inamezedwa ndi nyumba.

Funso lolemera koposa ndi la pokhala. Nyumba za ku Montgomery ndi zodula, kotero kuti mphunzitsi, namwino kapena woyendetsa basi nthaŵi zina amalephera kukhala m'kaunti imene amagwiramo nchito, ndipo amadzuka kusanace kucokera kutali. Ena amati kutseka limodzi la magaŵo atatu a dziko ndiko kunakweza mitengo. Ena amayankha kuti pafupi ndi masiteshoni a sitima pakali malo ambiri omangapo nyumba zosanja, ndi kuti munda umene wathiridwa phula subweranso. Mbali zonse ziŵiri ziri ndi coona cake, ndipo ndico cifukwa cake mkanganowo sukutha. Khonsolo inayesa kucepetsa vutoli ndi lamulo lina loyamba mu 1974, limene lakonzedwa kangapo kufikira lakuti womanga nyumba 20 kapena kuposa pamalo amodzi ayenera kupatula imodzi mwa nyumba 8 zirizonse kuti ikhale ya mtengo wotsika.

Ndipo minda ija siisoŵa oipempha. Mu 2021 funso linali la magalasi opanga magetsi ndi dzuŵa, amene amafuna malo aakulu oyera. Ofuna magetsi opanda utsi anakangana ndi ofuna kusunga nthaka, ndipo Khonsolo inalola magalasiwo pa maekala osapitirira 1,800, koma osati pa nthaka yabwino koposa.

Mphika wa Ndalama

Nchito ina ya Khonsolo imabwera caka ndi caka monga dzinja, ndiyo yogaŵa ndalama. Ciŵerengero ca ndalama zimene boma liyembekeza kulandira ndi kuononga m'caka cimodzi cimachedwa bajeti. Pofika pa 15 March Mkulu wa Kaunti ayenera kupereka bajeti yake kwa aphungu. Mu April anthu wamba amaitanidwa kudzanena maganizo ao, ndipo yense amapatsidwa mphindi zoŵerengeka zokha. Mai amapempha aphunzitsi ena, wokalamba amapempha kuti basi ya kwao isaleke, mwini sitolo amadandaula za msonkho. Pofika pa 1 June Khonsolo iyenera kukhala itavomereza, pakuti caka ca ndalama cimayamba pa 1 July. Lamulo sililola kuti ndalama zoononga pa nchito za caka zipose zimene ziripo. Comweco phungu wofuna kuonjeza apa ayenera kuonetsa pamene adzacotsa, kapena msonkho umene adzakweza.

Ndalama zambiri zimacokera ku misonkho iŵiri, wa malipiro a anthu ndi wa nyumba ndi malo. Zaka 3 zirizonse anchito a cigaŵo ca Maryland amayesa mtengo wa nyumba iriyonse, ndipo Khonsolo imanena msonkho wake, umene ndi pafupi dola 1 pa madola 100 alionse. Mwini nyumba ya madola 500,000 amakhoma pafupi madola 5,000 pa caka. Wokhala m'nyumba ya lendi asayese kuti wapulumuka, pakuti mwini nyumba amaika msonkhowo m'lendi momwemo.

Bajeti yoyamba mu July 2024 inapitirira madola 7 biliyoni, ndipo pafupi theka la ndalamazo linapita ku masukulu, amene anali oposa 200 ndi ana pafupi 160,000. Masukulu ali ndi bungwe laolao losankhidwa ndi anthu, limene limalemba aphunzitsi, koma ndalama limakapempha ku Khonsolo. Pali lamulo la cigaŵo ca Maryland lakuti kaunti isapereke pa mwana mmodzi ndalama zocepera zimene inapereka caka catha. Lamulo ili limachinjiriza ana, koma limacititsanso aphungu kuganiza kaŵiri asanaonjeze, podziŵa kuti zimene aonjeza caka cino adzazipereka ndi caka camaŵa comwe.

Mu 2023 Mkulu wa Kaunti, Marc Elrich, anapempha kuti msonkho wa nyumba ukwere ndi masenti 10 pa madola 100 alionse, kuti ndalamazo zipite ku masukulu. Masenti 10 amamveka ngati kanthu kakang'ono, koma kwa mwini nyumba ya madola 500,000 ndi madola 500 oonjezera pa caka. Aphunzitsi ndi makolo ena anauciriza, okhoma msonkho ena anaukana, ndipo aphungu anamva mbali zonse kwa milungu yambiri. Potsiriza anavomereza masenti 4.7, ndiwo madola 235 pa nyumba yomweyo. Masukulu sanalandire zonse zimene anapempha, ndipo eni nyumba sanapulumuke konse. Akulu anati walira mvula walira matope, ndipo palibe phungu amene wapeza njira yopatsira anthu sukulu yabwino popanda msonkho.

Zina siziŵerengeka nthaŵi isanafike. M'nyengo yozizira kumeneko kumagwa cipale cofeŵa, coyera ngati ufa, cimene cimatseka miseu kufikira magalimoto a kaunti atacikankha ndi kuthira mcere. Caka cina cimagwa pang'ono. Koma mu February 2010 cinagwa cambiri kaŵiri m'sabata imodzi, masukulu natsekedwa masiku angapo. Zikatero ndalama zimene zinaikidwa sizikwana, ndipo ziyenera kutapidwa kwina. Ndico cifukwa cake boma la kaunti limasunga ndalama zapadera, monga mai wanzeru samaliza nkhokwe yonse asanaone cimanga catsopano.

Kumene Zinyalala Zimapita

Mu 2012 kaunti inaika msonkho wa masenti 5 pa thumba lirilonse limene wogula alandira m'sitolo, cifukwa matumba apulasitiki anali kudzaza m'mitsinje yothira mu Potomac. Ndalama zake zinapita ku nchito yosamala madzi, ndipo anthu ambiri anaphunzira kunyamula zikwama zao popita kogula.

Koma zinyalala za anthu oposa miliyoni sizitha ndi masenti 5. Kuyambira 1995 zinyalala zosonkhanitsidwa ku Shady Grove, pafupi ndi Rockville, zinayamba kupakiridwa m'sitima yopita ku Dickerson, kumene kunamangidwa ng'anjo yaikulu yozitentha ndi kupanga magetsi. Tsono Dickerson ali m'dera lomwe lija la minda limene linapatulidwa mu 1980. Anthu a kumeneko ndi ocepa poyerekeza ndi a m'matauni, ndipo mavoti ao ndi ocepanso. Kwa zaka zambiri anadandaula kuti iwo amene anauzidwa kusamanga nyumba kuti dziko likhale lokongola ndiwo anapatsidwa utsi wa zinyalala za anzao. Marc Elrich, amene anasankhidwa koyamba kukhala Mkulu wa Kaunti mu 2018, ananena poyera kuti afuna ng'anjoyo itsekedwe. Koma kutseka ng'anjo kufuna kuti papezeke kwina kotaya, ndipo njira imene inachulidwa kaŵirikaŵiri inali yotumiza zinyalalazo ku maenje aakulu a kunja kwa kaunti, kumene kulinso anthu okhala pafupi, amene alibe phungu ndi mmodzi yemwe ku Rockville.

Mafunso

1. Mlimi ali ndi maekala 150. Kodi pa munda wake pakanamangidwa nyumba zingati 1980 isanafike, ndi zingati pambuyo pake? Analandira zikalata zingati?
2. Cifukwa ninji lamulo la maekala 5 silinasunge minda?
3. Nyumba ina mtengo wake ndi madola 300,000. Msonkho ukakwera ndi masenti 10 pa madola 100 alionse, mwini wake adzaonjeza zingati pa caka?
4. Funsani akulu kwanu kuti ndani amalola munthu kumanga nyumba kapena sitolo m'dera lanu, ndi kumene ndalama za msonkho wa pamsika zimapita.